Tinkakonza helikopita ku Beira nthawi ya madzi a 2000

Sajeni Wopuma: Dzulo mdzukulu wanga anandipeza ndikuwerenga masipanala ndisanatseke bokosi, chonsecho ndimangokhoma chitseko cha khola la nkhuku. Akuti agogo, angakubereni sipanala ndani pakhomo pano? Ndinangoseka. Chizolowezi chimenechi ndinachitengera ku shedi ya ndege, ndipo chinakhwimira ku Beira, ku Mozambique, m'chaka cha 2000. A Admin munandipempha kalekale kuti ndidzafotokozeko za ulendo umenewo. Lero magetsi alipo, foni yadzadza, ndiye ndiyambepo.

Admin: Takhala pansi, bambo. Enanu za malonda a feteleza zija muyambe mwaimika kaye.

Mnyamata wa ku Lunzu: Pepani ankolo, ine ndinabadwa 2003. Mukutanthauza kuti dziko lathu lomweli la Malawi linatumiza helikopita kukathandiza dziko lina? Ndimayesa ife timangolandira.

Sajeni Wopuma: Linatumiza, mwanawe. Mvula inayamba kugwa mosalekeza kumayambiriro kwa February, kenako namondwe Eline anagwera kufupi ndi Beira pa 22 February. Mtsinje wa Limpopo unasefukira, tawuni ya Chokwe inamira, nawo mtsinje wa Save unataya njira yake n'kulowa m'midzi. Anthu pafupifupi 700 anafa. Masiku oyambirira, mayiko akutali asanafike ndi ndege zawo, amene ankatola anthu m'mitengo ndi pamadenga anali a ku South Africa ndi ife. Iwo anali kummwera, ku Limpopo. Ife tinkadzukira ku Beira n'kulowera ku Save, chakumene mtsinjewo umathirira m'nyanja, cha ku Machanga ndi Nova Mambone. Ine ndinali makaniko wa Puma, helikopita ya ku France ya mainjini awiri, mapiko anayi pamwamba ndi timapiko tisanu kumchira. Ndege yolimba, koma ya njala. Imafuna mafuta, imafuna girizi, imafuna munthu aziisisita usiku uliwonse ndi tochi pakamwa.

Mayi a Tadala: Si nthawi imene mayi wina anaberekera mumtengo ija? Ndinali ku sekondale, tinaonera pa TV ya aphunzitsi.

Sajeni Wopuma: Yomweyo, mayi. Mwana uja Rosita anabadwa pa 1 March cha ku Chibuto, koma anamutola ndi anzathu a ku South Africa, si ife. Chithunzi chimenecho ndi chomwe chinadzutsa dziko lonse. Patangopita masiku ochepa bwalo la ku Beira linadzadza ndege za mayiko osiyanasiyana, pofuna kukoka ndege yako umachita kupempha njira.

Ndiyambe ndi cholakwa changa, kuti pambuyo pake musamati madala amangodzitama. Ku Save n'kutali ndithu kuchokera ku Beira, ndiye tinasiya madiramu a mafuta a Jet A-1 pamalo ena okwera kuti ndege isamabwerere kutawuni pofuna kuthira. Diramu la mafuta a ndege siliimikidwa chilili pamvula. Umaligoneka cham'mbali, zitsekerero zake ziwiri zikhale mopingasa, mafuta aziziphimba mkati. Ukaliimika, madzi amadikha pamwamba pake. Masana dzuwa likaomba mpweya wa mkati umatuluka, usiku kukazizira diramu limakoka mpweya, n'kukokera limodzi madzi aja kudzera m'mphepete mwa chitsekerero, ngakhale chioneke chomata bwinobwino. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, amakakhala pansi phee, osaoneka.

Zonsezi ndinkazidziwa. Diramu lililonse tinkayamba tatunga pang'ono pansi pake m'botolo, n'kuyang'ana padzuwa, n'kuyesa ndi kapisozi kamene kamasintha mtundu kakakhudza madzi. Tsiku limenelo ndinayesa madiramu atatu, onse bwino. Lachinayi anthu a m'mudzimo anali ataliimika kuti azikhalapo, chifukwa pena paliponse panali matope. Woyendetsa ndege akundikodola, pawayilesi akuti pali anthu pa chulu madzi akukwera. Ndinati atatu ali bwino, lachinayi lingasiyane bwanji. Ndinapopa.

Tinanyamuka ine ndili pakhomo la ndege. Sitinathe mphindi zisanu, injini ya kumanzere inatsokomola kawiri, kenako kulira kwake kunayamba kutsika ngati chigayo magetsi akazima. Puma imauluka ndi injini imodzi ngati siinalemedwe, ndipo mwayi wathu tinali tisananyamule munthu aliyense. Bwana uja anaitembenuza modekha, tinakatera m'munda wa mpunga, matayala n'kutitimira mpaka m'mimba. Nditatsegula potulutsira pansi pa thanki, botolo loyamba linali madzi theka. Bwanayo analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kungoti: Sajeni, tiphike tiyi? Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Makaniko wa ku Ndirande: Kkkkk tiyi wa Jet A-1. Achikulire, ife kuno galimoto ikamwa madzi timangoiimika m'mbali mwa msewu n'kuyamwa paipi ndi pakamwa.

Sajeni Wopuma: Kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu, amwene. Tinathera tsiku lonse m'matopemo, kukhetsa matanki, kusintha mafyuluta, kudikira ndege inzathu itibweretsere mafuta oyera. Anthu a pa chulu aja anawatenga ndi anzathuwo madzulo. Lipoti ndinalemba ndekha, dzina langa pansi. Chilango ndinalandira, koma chimene chinandipweteka n'chakuti kwa sabata yonse mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha ntchito ankabwereza kuyesa diramu lililonse limene ine ndayesa. Ankakhoza kutero.

Dalaivala wa Beira: Bambo mwandikumbutsa kutentha kwa kumeneko. Ine ndimanyamula mafuta ku doko la Beira kudzera ku Dondo ndi Inchope, mwezi wa February malaya amakhala ngati wawachapa. Kodi ndege nayo imamva kutentha?

Sajeni Wopuma: Imamva kuposa inu. Kukatentha mpweya umapepuka, mapiko amasowa chogwira, injini nayo imapereka mphamvu yochepa. Katundu amene wanyamuka naye bwino 6 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndege imakana. Ndiye taganizani, mwatera pa kachilumba, anthu agona ndi njala masiku atatu, aliyense akuthamangira khomo. Mipando tinali titachotsa kuti anthu azikhala pansi mothithikana. Sungawerenge bwino, ana ali kumsana, ena m'manja. Tsiku lina bwana anakoka kuti tinyamuke, ndege inadzuka pang'ono, kulira kwa mapiko kunayamba kulemera, belu lochenjeza linalira, tinabwereranso pansi ndi chigugu. Tinatsitsa anthu asanu ndi mmodzi, amuna okhaokha, n'kuwalonjeza ndi manja kuti tibweranso. Chipwitikizi changa chinali cha bom dia basi, Chindau ndiye sindinkamva n'komwe. Bambo wina anandigwira mwendo wa ovololo osafuna kusiya. Tinabwereradi, koma ola limene linadutsa pakatipo iye sankadziwa kuti tibwera.

Ndipo mphepo ya mapiko ija ndi chilombo pachokha. Puma yodzadza imalemera matani oposa 6, ndipo kuti iime m'malere imayenera kukankhira pansi mpweya wolingana ndi kulemera kumeneko. Ukayandikira kwambiri denga la udzu, umalisasula anthu ali pomwepo. Ukayandikira mtengo, nthambi zimene anthu agwira zimagwedezeka ngati kuli namondwe wina. Tinkatsitsa munthu pa chingwe kuchokera patali ndithu. Chimene ine ndinkaopa kwambiri ndi mapepala apulasitiki ndi zitenje. Tsiku lina lona labuluu, lomwe anthu anafunda pamvula, linauluka n'kukwera molunjika kumene injini zimakokera mpweya. Ndinaliona likubwera, pakamwa panauma. Linakakodwa pa tayala lakutsogolo, tinapita nalo mpaka ku Beira likukupiza pansi ngati mbendera.

Mayi a Tadala: Nanga ziweto ankazisiya?

Sajeni Wopuma: Lamulo linali loti anthu okha. Koma agogo ena anakwera atafungatira chinthu m'chitenje, ife kumati ndi khanda. Tili m'mwamba khandalo linalira kuti kokoliliko. Linapulumuka m'manja mwawo n'kuulukira kutsogolo kwa oyendetsa, nthenga mbwee. Wothandizira woyendetsa analigwira khosi ndi dzanja limodzi n'kundiponyera. Tambalayo anafika ku kampu wamoyo, agogowo anandidalitsa m'chinenero chawo mpaka ndinachita manyazi.

Wa ku Beni: Ulemu wanu, Sajeni. Ine ndine wa pansi, wa mfuti, ndinapita ku DRC ndi gulu lija la mayiko atatu, ife, Tanzania ndi South Africa, lomwe linayamba mu 2013. Tinkakwera Oryx ya ku South Africa, yomwe ndikumva kuti ndi mbale wake wa Puma yanuyo. Kunena zoona sindinaganizepo za munthu amene wagona mochedwa kuikonza. Tinkangoona woyendetsa, n'kumamupatsa moni. Kumeneko vuto linali mitambo ya m'mapiri ndi zipolopolo. Mu March 2022 Puma ya asilikali a ku Pakistan inagwa ku Rutshuru, anthu 8 onse anafa. Mu February 2023 Oryx ina anaiwombera ikuchokera ku Beni kupita ku Goma, amene anafa ndi injiniya wa m'ndegemo, munthu wa ntchito ngati yanuyo. Woyendetsa anavulala koma ndege inakatera ku Goma.

Sajeni Wopuma: Nkhani imeneyo ndinaimva pa wailesi, ndinazimitsa n'kukakhala panja. Mpando umene anakhala mnzathuyo ndimaudziwa, pakati, kumbuyo pang'ono kwa oyendetsa awiri, maso pa mageji. Ife ku Save kunalibe wotiwombera, nkhondo ya kumeneko inali itatha mu 1992. Koma tinachenjezedwa kuti madzi akokolola mabomba okwirira n'kuwasiya pena paliponse, ndiye potsika m'ndege unkaponda pomwe mnzako waponda. M'munda wa mpunga muja ndinagwira ntchito tsiku lonse osasuntha kupitirira mthunzi wa ndege.

Mnyamata wa ku Lunzu: Ankolo, poti ndinu katswiri, tatiuzeni zoona za ndege ija inagwa ku Chikangawa. Inali ngozi kapena?

Admin: Mwanawe, tinagwirizana kale za nkhani imeneyo pagulu pano.

Sajeni Wopuma: Musamukalipire, a Admin, funso limeneli ndimafunsidwa ngakhale kumaliro. Pa 10 June 2024 ine ndinali nditapuma kalekale, ndikupalira mbatata. Dornier 228 ija sindinaigwire masiku amenewo, ndipo makaniko salankhula za ndege imene sanaione mkati ndi maso ake. Munafa anthu 9, Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anzawo, ena mwa iwo ovala yunifolomu imene ine ndinavala. Mabanja awo akulirabe. Ndisiyire pomwepo.

Makaniko wa ku Ndirande: Tibwerere ku sipanala ija, achikulire. Munati mumawerenga. Ife kuno tikamanga injini n'kutsala bawuti imodzi timati inali yapadera, kasitomala n'kumapita.

Sajeni Wopuma: N'chifukwa chake galimoto yanga sindibwera nayo kwanuko. Kwathu chida chilichonse chili ndi malo ake ojambulidwa m'bokosi, ukachichotsa pamatsala chithunzi chake. Ntchito ikatha, malo onse adzadze. Pakasowa chimodzi, ndege imene inagwiridwa tsiku limenelo siuluka mpaka chipezeke, chifukwa sipanala yoiwalika pafupi ndi ndodo zowongolera ikhoza kupanikiza chiwongolero muli m'mwamba. Bawuti iliyonse yofunika imamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, kenako timaikoleka ndi waya kuti isamasuke ndi kunjenjemera. Ukagwira zowongolera, munthu wachiwiri amabwera kudzaona ntchito yako n'kusayinanso. Ndipo chizolowezi chathu chinali choti amene wakonza ndi amene amakwera nawo pa ulendo woyesa.

Ku Beira inasowa sipanala ya 10. Inali 4 koloko m'mawa, ndege iyenera kunyamuka kukangocha. Tinatsegulanso zivundikiro zonse zimene tinatseka usiku, tinakwawa pansi ndi matochi, tinapapasa pansi pa giyabokosi ndi maginito. Dzuwa linatuluka, ndege za anzathu zikunyamuka, yathu ili yasaa ngati ng'ombe yosendedwa. Itakwana 7 koloko wophika wathu akubwera ndi tiyi, sipanala ili m'thumba la apuloni. Anaitola pansi usiku n'kukamangira chogwirira cha poto chomwe chinkagwedera. Munthu wosalakwa, sankadziwa. Wolakwa anali amene anaisiya pansi, ndipo ulendo uno sindinali ine.

Dalaivala wa Beira: Kkkkk poto anachedwetsa ndege ya boma.

Mayi a Tadala: Bambo, mwaseketsa, koma ine ndikuona ngati pali china chimene mukuzungulira. Munayamba ndi kunena kuti mukuyamba ndi cholakwa chanu. Chinacho ndi chiti?

Sajeni Wopuma: Amayi inu mukanakhala wapolisi. Chinacho sindidziwa ngati ndichitche cholakwa.

Mu giyabokosi iliyonse ya helikopita muli kachitsekerero ka maginito komwe kamakhala m'oyilo. Ntchito yake ndi kugwira tizitsulo tomwe tikunyenyeka mkati. Ukakachotsa n'kupeza kaufa kotuwa kosalala ngati mwaye, umapukuta, palibe nkhani, ndi kutha wamba kwa zitsulo. Ukapeza tizidutswa tonyezimira, topyapyala ngati mamba a usipa, ndiye kuti bering'i kapena dzino la giya layamba kusupuka. Madzulo ena, ndege itabwera kuchokera ku Save, ndinachotsa ka mu giyabokosi ya kumchira. Mamba atatu. Ndinawaika pa pepala loyera, ndinaitana mnzanga, tinayang'ana ndi galasi. Tinatsatira buku: kukhetsa oyilo, kutsuka, kuthira watsopano, kuliza ndege pansi kwa theka la ola, kuchotsanso. Tinkapemphera kuti tipeze poyera. Tinapeza mamba ena awiri.

Giyabokosi ya kumchira ikafa muli m'mwamba, timapiko tija timaima, ndege yonse imayamba kuzungulira mosemphana ndi mapiko akulu. Pamwamba pa madzi, muli ndi anthu 20 m'kati, palibe chimene woyendetsa angachite chopulumutsa onse.

Vuto linali lakuti paulendo womaliza tsiku limenelo anaona anthu pa mitengo itatu yoyandikana, kutali ndi kumene tinkatola masiku onse. Mafuta anali atatsala pang'ono, mdima ukugwa, anangolemba malowo kuti m'mawa ayambire kumeneko. Bwana woyendetsa anabwera ku ndege usiku, osavala yunifolomu, patapata kumapazi. Sanandilamule. Anangoti: Sajeni, maulendo awiri okha, ola limodzi ndi theka, kenako uiphwasule mmene ungafunire. Anandiuza kuti pa mtengo umodzi anaona mwana atamangiriridwa ku nthambi ndi chitenje kuti asagwe akagona. Buku linali pa bondo langa, cholembera m'manja. Ndinakumbuka diramu lachinayi lija. Ndinalemba kuti ndege siili bwino, n'kusayina.

Sanandiyankhe. Anatembenuka n'kumapita, patapata akulira m'matope.

Wa ku Beni: Eish. Ine ndikanakhala pa mtengopo ndikanakutukwanani, Sajeni. Ndikanakhala m'ndegemo ndikanakuthokozani. Sindikudziwa kuti ndiime pati.

Makaniko wa ku Ndirande: Koma achikulire, timamba tiwiri tokha? Ine ndaonapo giyabokosi ya minibasi ikutulutsa zitsulo zodzadza supuni, n'kuyendabe Blantyre Lilongwe miyezi itatu. Mwina ikanapirira ola limodzi ndi thekalo.

Sajeni Wopuma: Mwina ikanapiriradi, amwene, sindikukutsutsani. Giyabokosi ina inabwera kuchokera kumudzi patapita masiku awiri, tinaimanga usiku umodzi, ndinakwera nawo poyesa. Yakaleyo ataitsegula anapeza bering'i imodzi itakumbika njira yake ngati msewu wa dzinja. Amene anaitsegula anandiuza kuti ikanatha kuyenda maola 10, ikanathanso kugwira pa mphindi 10. Ndinamufunsa kuti pa ziwirizi chiti, anangotambasula manja.

Mayi a Tadala: Nanga anthu a pa mitengo aja?

Sajeni Wopuma: Ndege inzathu inali ndi malo ake omwe inalonjeza kale, inafika kumeneko cha m'ma 11 koloko m'malo mwa 6. Bwana wathu uja anakwera nawo kuti akawalozere. Atabwera ndinali pamwamba pa ndege yathu ndikumasula mchira. Anaima pansi, anandiyang'ana, n'kunena kuti: tawapeza. Ndinadikira kuti apitirize. Sanapitirize, ine sindinafunse kuti angati, kapena za mwana wa chitenje uja. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zisanu ndi chimodzi, ankakonda kuti ndege yake ndiziisayinira ine, koma nkhani imeneyo sitinaikambenso. Anatisiya zaka zapitazo, ndinakanyamula nawo bokosi.

Mnyamata wa ku Lunzu: Pepani ankolo chifukwa cha funso langa lija. Timamba tija munatitaya?

Sajeni Wopuma: Atatu oyamba anapita ndi lipoti, timamatidwa pa khadi ndi selotepi kuti akatiyeze. Awiri achiwiriwo ali m'kabotolo ka mankhwala m'bokosi langa la zida, pakona pomwe pamayenera kukhala sipanala ya 8 imene mdzukulu wanga yemweyu anataya chaka chatha. Magetsi azima tsopano, batire yatsala 9. A ku Beni, mawa mutiuze za Oryx ija, ndikufuna kudziwa ngati nayonso imadontha oyilo pa khomo lakumanja ngati yathu.

Wa ku Beni: Imadontha, Sajeni. Yunifolomu yanga ina ili ndi banga mpaka lero.